Nyanja yamchere ili kutali, ndikamverenji ine wa ku Joni?

FUNSO: Ndine bambo wa ana atatu, kwathu ndi ku Nkhotakota koma ndimakhala ku Alexandra. Mwana wanga wamkazi wabwera ndi kalata yakusukulu yoitana makolo kuti Loweruka tikamvere akatswiri ofufuza zamoyo za m'nyanja yamchere. Ine ndinakulira m'bwato, bambo anga anali msodzi wa usipa. Koma ku Johannesburg kuno kulibe nyanja. Ndisiye ganyu chifukwa cha zimenezi?

YANKHO: Bambo, ngati abwana angakuloleni, pitani ndithu, ndipo mukakhale kutsogolo pamodzi ndi mwanayo.

Nyanja ili kutali, zoona, koma madzi a pakhomo panu amakafikako. Mvula ikagwa ku Alexandra imatsikira mumtsinje wa Jukskei. Jukskei amathira mu Crocodile, Crocodile amadutsa pa damu la Hartbeespoort n'kukakumana ndi Marico, pamenepo ndiye payambira Limpopo amene amakathira m'nyanja ya Indian ku Mozambique, kufupi ndi Xai-Xai. Ya ku Soweto imalowera kwina: mitsinje ya Klip, Vaal, Orange, mpaka ku Atlantic. Mzinda umodzi womwewu ukumwetsa nyanja ziwiri. Ine ndinaimapo pamlatho wa Jukskei mvula itangokata. Mitengo ya m'mbali inali itavala majumbo ndi matewera a ana, mabotolo akuyandama ngati abakha. Mtima unandiwawa, chifukwa zina mwa zinyalalazo n'zochokera m'manja mwathu ife tomwe.

Ndiye pali nkhani ya ndiwo. Nsomba za m'chitini zimene timadyera nsima mwezi ukafika pakati zija ndi sardine, ndipo ndi chakudyanso cha mbalame yotchedwa African penguin, imene alendo amakaiona ku Boulders Beach ku Cape Town. Mu 2024 bungwe loona zachilengedwe padziko lonse la IUCN linaika mbalameyi m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu, ndipo njala ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu. Mu 2025 khoti la ku Pretoria linavomereza mgwirizano woti usodzi wa sardine ndi tinsomba tina totchedwa anchovy utsekedwe kwa zaka 10 mozungulira malo 6 amene mbalamezi zimaswana.

Kodi inu zimenezi n'zachilendo? Ayi. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo yamvula kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi amamvera. Mwana wa msodzi ngati inu mumadziwa zimene khoka la maso ang'onoang'ono linachita kwa chambo. Apa mpamene ndikukuumirirani. Akatswiriwa ali ndi zipangizo ndi ziwerengero, koma m'holoyo mwina simudzakhala wina amene anakokapo chilimira usiku nyali zikuyaka. Ikafika nthawi ya mafunso, kwezani dzanja. Chizungu chikavuta, mwanayo amasulire, musachite manyazi.

Mukawafunse ngati kutseka usodzi wa sardine kuja kukuthandizadi mbalamezo, komanso kuti asodzi ang'onoang'ono akudya chiyani nthawi yotsekayo. Mukafunsenso za mndandanda wa SASSI wa bungwe loteteza zachilengedwe la WWF, umene umagawa nsomba m'mitundu itatu: zobiriwira zoti gulani, zaolenji zoti muyambe mwaganiza, zofiira zoti musagule. Amayi akunyumba adzaugwiritsa ntchito pokagula ndiwo.

Mukabwerako mutilemberenso, tikufuna timve zimene anakuyankhani mutawauza nkhani ya Mbenji.