Ganyu ya mphesa ku Upington

Achimwene, mwafunsa ngati mupite kukagwira ganyu yothyola mphesa ku Upington, ku South Africa. Pitani, koma chilolezo chogwirira ntchito chikhale m'manja musanakwere basi. Zoti "tikakonza konko" musamvere.

Ine ndinathyolako mphesa nyengo ziwiri m'mbali mwa mtsinje wa Orange, kufupi ndi chipululu cha Kalahari. Ntchito imagwa Novembala mpaka Januwale, nthawi imene kuno ku Mulanje mvula ikugwa, tiyi ali biriwiri. Uko dzuwa limapitirira madigiri 40, ndipo si kutentha kwa ku Nsanje ayi: mpweya ndi wouma, thukuta limauma usanalione, ndiye umadzinamiza kuti uli bwino. Sabata yoyamba ndinagwa pakati pa mizere, mutu uli waa. Kuyambira pamenepo chigubu cha malita 5 sichinkachoka pambali panga, ndi paketi ya ORS m'thumba. Mkodzo ukayamba kuoneka ngati tiyi wopanda mkaka, siyani ntchito mukhale pamthunzi.

Musayende nokha kutali ndi famu, netiweki imasowa.

Ngati muli ndi BP, shuga kapena vuto la impso, kaonaneni ndi dokotala kaye. Kontrakitiyo ikaonetseni ku ofesi ya zantchito pa boma musanasaine.