Funsani Makaniko: Ma shock a Morris Minor akudontha oyilo

Funso: Malemu bambo anga anandisiyira galimoto ya Morris Minor ya 1962 ndipo ndikufuna iyambenso kuyenda. Ma shock absorber akutsogolo akudontha oyilo, ndipo ikadutsa pa bampu imangodumphadumpha osaleka. Ogulitsa zipangizo za galimoto akuti mtundu umenewu saudziwa. Kodi angakonzeke, kapena ndiike amakono? Ndine wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Angakonzeke ndithu, bambo, ndipo ine ndikulangizani kuti mukonze omwewo. Morris Minor, yomwe inkapangidwa ku Britain kuyambira 1948 mpaka 1971, inkabwera ndi ma shock a kampani ya Armstrong, amene ndi kabokosi kachitsulo kokhala ndi mapisitoni awiri m'kati ndi mkono kunja. Kutsogolo, mkono umenewu ndi womwenso umagwira gudumu cha kumwamba, choncho ngakhale mutawonjezera amakono ooneka ngati paipi aja, akalewa ayenera kukhalapobe ndipo ayenera kukhala olimba.

Musanamasule bawuti iliyonse, khazikani galimoto pa zoimikira zachitsulo, osati pa njerwa, ndipo jeke ichirikize mkono wam'munsi wogwira gudumu, chifukwa torsion bar, ndodo yachitsulo yogwira ntchito ya sipuling'i imene imanyamula kutsogolo kwa galimotoyi imakhala yopotoka mwamphamvu moti ikhoza kukuphwanyani dzanja.

Mukachotsa shock, itsukeni kunja musanatsegule pothirira oyilo, popeza kamchenga kamodzi kokha kakhoza kutseka valve, yomwe ndi podutsira oyilo m'katimo. Ipaneni pa vaisi n'kuyendetsa mkono mmwamba ndi pansi mpaka polekezera. Uyenera kulimba njira yonse. Ukamafewa penapake, ndiye kuti oyilo wachepa kapena mwalowa mpweya. Kenako gwedezani mkonowo chammbali, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kabokosika n'kachitsulo chofewa, ndipo pakapita zaka shafiti imene mkonowo wagwirako imadya bowo limene imazunguliramo. Zikafika pamenepo labala latsopano lotchinga oyilo silithandiza kanthu, ndipo anthu ambiri amataya ndalama polisintha kawirikawiri oyilo n'kumadonthabe. Chofunika n'kupita nayo kwa mmisiri wa makina osemera zitsulo (lathe) kuti akuze bowolo ndi kuikamo bushi, kenako labala latsopanolo.

Ngati shafiti sikugwedera, tayani oyilo wakale, tsukani m'kati ndi oyilo watsopano, ndipo mukamasula valve muyale timasipuling'i ndi timawashala take pansalu yoyera motsatira mmene tinaliri. Thirani oyilo wopepuka wa SAE 20, wonga amene amathira m'mafoloko a njinga zamoto. Oyilo wa mabuleki amawononga labala, pomwe wa giya ndi wolemera kwambiri moti amalimbitsa mkono n'kuyamba kugwedeza mabawuti. Pothira, yendetsani mkono pang'onopang'ono kufikira thovu litasiya kutuluka, ndipo musiye kampata pamwamba koti oyilo akatentha apeze pofufumira.

Konzani mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, chifukwa imodzi ikalimba kuposa inzake galimoto imapendama pokhota. Manati a mabushi a labala muwamange komaliza matayala ataponda pansi, apo ayi labala limakhala lopotoka ndipo silichedwa kung'ambika. Mabawuti anayi amene amagwira shock iliyonse yakutsogolo amakonda kumasuka, choncho muwayesenso ndi sipanala mukabwerako ku ulendo woyamba.