Kodi kukopera mafayilo pa flashi n'kokwanira? Yankho kwa bambo a ku Ulónguè

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena amene ali ndi kashopu kotayipa makalata ndi kuchita fotokope ku Ulónguè, m'boma la Angónia. Ndafupikitsa zimene analemba:

"Achimwene, kompyuta yanga ndi imodzi yokha, ndipo ndiyo imatidyetsa pakhomo. Loweruka lililonse ndimakopera mafayilo a makasitomala pa flashi. Mnyamata wina wokonza makompyuta ku Tete anandiuza kuti zimenezi n'zosakwanira, akuti ndizipanga imagem do disco. Kodi sakungofuna ndalama zanga ameneyu? Ngati akunena zoona, ndiyambire pati?"

Bambo, mnyamatayo sanakunamizeni. Ndipo chosangalatsa n'chakuti ntchitoyi mukhoza kuigwira nokha, osamulipira ngakhale metikali imodzi.

Zimene mumachita Loweruka musasiye. Koma taganizani tsiku limene hard disk, disiki ya m'kati mwa kompyuta imene imasunga zonse, idzafe. Makalata a makasitomala adzakhalapo pa flashi, inde, nanga mudzawatsegulira pa chiyani? Windows yapita, Office yapita, madirayiva, timapulogalamu toyendetsa pulinta ndi sikana, apita, kiyibodi ija munaikonza kuti izilemba ã ndi ç za Chipwitikizi yabwerera pachiyambi. Mudzayamba kusaka dirayiva ya pulinta yakalekale pa intaneti ya bando, makasitomala ataima pakhomo ndi mapepala awo m'manja, ena akutembenukira kushopu yoyandikana nayo. Ine zinanditengera masiku atatu pamene zinandigwera, ndipo pulogalamu ina sindinaipezenso mpaka lero.

Imagem imene ankanena mnyamatayo ndimaitcha chithunzi cha disiki, ngakhale si chithunzi choti n'kuchiyang'ana ndi maso. Ndi kope la disiki yonse monga ilili tsiku limenelo: Windows, mapulogalamu, madirayiva, mafayilo, ngakhale tizigawo tobisika timene kompyuta imawerenga ikamayaka, timene simungatikopere ndi mausi. Disiki ikafa mumagula ina, n'kuthiramo chithunzicho, kompyuta n'kuyaka ngati sipanachitike kanthu. Ntchito ya masiku atatu imatha m'maola ochepa.

Chithunzichi chimapangidwa ndi pulogalamu yapadera. Akale pa ntchitoyi amakumbukira Norton Ghost, moti ena mpaka pano amati "kupanga ghost", koma inasiya kugulitsidwa mu 2013. Macrium Reflect inali ndi mtundu waulere umene ambiri tinaukonda, koma eni ake anasiya kuusamalira kumayambiriro kwa 2024. Ine ndimagwiritsa ntchito Clonezilla. Ndi yaulere, inapangidwa ku Taiwan, ndipo mukhoza kuisankhira Chipwitikizi cha ku Brazil ikamayamba. Kuoneka kwake kokha ndiye n'kosasangalatsa: sikirini yabuluu, malemba okhaokha, mausi sagwira ntchito. Amene zimenezi zikumuopsa atenge Rescuezilla, imene ili ndi mabatani odina ndipo imawerenga zithunzi zopangidwa ndi Clonezilla.

Mufunika zinthu ziwiri. Kaflashi kena kapadera, kopanda kanthu, koikapo Clonezilla pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Rufus kapena Ventoy. Ndiponso hard disk yakunja, yolumikiza pa USB, yosungiramo chithunzicho. Kukula kwake musadandaule nako kwambiri. Clonezilla imangotenga malo amene muli zinthu, n'kuwapanikiza, choncho disiki ya 500 GB imene mwadzaza 120 GB yokha chithunzi chake nthawi zambiri sichifika n'komwe 120 GB. Mavidiyo ndi nyimbo ndiye sizipanikizika kwenikweni, ndiye ngati ana adzaza mafilimu m'kompyuta ya ntchito, yambani mwawachotsa.

Musanazimitse Windows, lowani mu Control Panel, pa Power Options, muchotse chotchedwa Fast Startup. Chikakhala choyatsa, Windows sizima yonse, imangogona, ndipo disiki imatsala ngati ikadali pa ntchito. Onaninso ngati BitLocker, loko ya Windows yobisa zimene zili pa disiki, ndi yoyatsa. Ikakhala yoyatsa, Clonezilla siitha kuona m'kati mwa disiki, choncho imakopera yonse, malo opanda kanthu omwe, ndipo chithunzi chimakula zedi. Kiyi yotsegulira BitLocker, ya manambala 48, muilembe papepala, muisunge pamodzi ndi makalata a nyumba.

Kenako lowetsani kaflashi ndi disiki yakunja, muyatse kompyuta mukudina F12 ngati ndi Dell kapena Lenovo, F9 ngati ndi HP, musankhe kuyambira pa flashi. Mafunso ake ndi ambiri koma ofunika ndi ochepa. Sankhani device-image, kenako local_dev, muiuze disiki yosungiramo, musankhe Beginner, kenako savedisk, n'kuiuza disiki yoti ijambule. Ikafunsa ngati iyese chithunzicho ikamaliza, vomerani. Zimawonjezera nthawi, koma musaumire mphindi zimenezi.

Apa ndiye pamene ndikufuna mukhale tcheru, chifukwa ndi pamene ndinapsa nazo ine. Clonezilla sidziwa maina a madisiki a mu Windows, monga C: kapena D:. Madisiki imawatchula kuti sda, sdb, kapena nvme0n1, ndipo maina amenewa amatha kusinthana malinga ndi zimene mwalumikiza. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Tete lija loposa madigiri 40 likuswa mtengo, ndinkakopera disiki ya mlamu wanga kupita pa ina yatsopano. Onse anali a 500 GB. Thukuta lili kamukamu, foni ikulira, ine n'kusankha mosemphanitsa. Clonezilla inandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza, ine kawiri konse n'kudina y osawerenga. Ndinathira disiki yopanda kanthu pamwamba pa yodzaza. Zithunzi za ukwati wawo zinali momwemo. Nkhani ya m'banjayo tisailowe, koma kuyambira tsiku limenelo ndimalemba papepala dzina la kampani, kukula ndi manambala omaliza a disiki iliyonse ndisanayambe, n'kufananiza ndi zimene zikuoneka pa sikirini.

Kubwezeretsa ndi njira yomweyo, kungoti m'malo mwa savedisk mumasankha restoredisk. Chilichonse chimene chili pa disiki yolandirayo chimafufutika. Pali msampha wina umene ambiri amakodwa nawo masiku ano pamene aliyense akuthamangira SSD, mtundu wa disiki wothamanga kwambiri: disiki yolandira iyenera kukhala yofanana kapena yokulirapo kuposa imene inajambulidwa. Chithunzi cha disiki ya 500 GB chimakana kulowa pa SSD ya 256 GB, ngakhale zinthu zake zitakhala 80 GB zokha. Njira ilipo, yoyamba mwachepetsa zigawo za disiki musanajambule, koma imeneyo ndiye mukamuitanire mnyamata uja.

Muzijambula kangati? Osati Loweruka lililonse. Chithunzi n'choti mupange kompyuta ikamayenda bwino, kenako mukaikamo pulogalamu yatsopano kapena pakapita miyezi iwiri, itatu. Musafufute chakale mukangopanga chatsopano, sungani ziwiri kapena zitatu, chifukwa vayirasi imene inalowa ndi flashi ya kasitomala imajambulidwa nawo limodzi, ndipo mudzafuna kubwerera pa tsiku limene inali isanalowe. Mafayilo a tsiku ndi tsiku ndiye apitirize kupita pa flashi. Kutulutsa kalata imodzi yokha m'chithunzi cha Clonezilla ndi chintchito, sinapangidwire zimenezo.

Simunanene ngati disiki yanu yayamba kale kudwala. Ikani kapulogalamu kaulere ka CrystalDiskInfo muone. Kakaonetsa mtundu wachikasu kapena wofiira, kapena mukamamva disiki ikulira kuti tse tse tse, musayambe ndi chithunzi. Kuwerenga disiki yonse kuchokera koyamba mpaka kumapeto kukhoza kuimaliza. Yambani mwapulumutsa mafayilo ofunika kwambiri, kenako muipereke kwa wodziwa kugwiritsa ntchito ddrescue, pulogalamu imene imadumpha malo owonongeka n'kudzawabwerera pambuyo pake.

Ngati kompyuta yanu ndi yapatebulo ndipo mulibe UPS, kabokosi ka batire kothandiza magetsi akathima, sankhani tsiku limene kunja kuli bata. Magetsi akathima mukujambula mumangoyambiranso, koma akathima mukubwezeretsa disiki imatsala theka, yosayaka, mpaka mutabwerezanso ntchito yonse. Kwanu ku Angónia kumazizira bwino, si ngati kuno kumene makompyuta amapsa ndi kutentha, kapena ku Moatize kumene fumbi limadzaza m'mafani, koma ziphaliwali za nyengo ya mvula muli nazo.

Mukamaliza, zulani disiki yakunjayo, muikulunge m'kansalu, mupite nayo kunyumba. Ikamagona m'shopu yolumikizidwa pa kompyuta, mphenzi, wakuba kapena vayirasi zidzatenga zonse ziwiri pa ulendo umodzi. Ndipo mukapeza mwayi wobwereka disiki ina yopanda ntchito, ya kukula kofanana, yesani kubwezeretsa chithunzi chanu pamenepo Lamlungu masana, muone ngati Windows iyake ndiponso ngati pulinta isindikize. Mundilembere mundiuze kukula kwa disiki yanu ndi mtundu umene CrystalDiskInfo yaonetsa, tione ngati muyambe ndi chithunzi kapena ndi kugula disiki ina.