Kodi "melek" amatanthauza mwini chuma?

Mayi wina wanditumizira imelo. Abusa awo akuti mawu achiheberi akuti melek, amene timawerenga kuti mfumu, amatanthauza "mwini chuma", ndiye Mkhristu wosauka chikhulupiriro chake n'choperewera. Akufunsa ngati n'zoona.

Mayi, mwandigunda pachilonda. Mlongo wanga anagulitsa makina ake osokera chifukwa cha ulaliki womwewu. Mneneri wake ankalemba pabolodi zilembo zitatu za mawuwa, mem, lamed ndi kaf, n'kumati choyamba ndi madzi a madalitso, chachiwiri ndodo yaulamuliro, chachitatu chikhatho cholandirira ndalama. Anthu m'manja phwaphwaphwa. Ndalama za makina zija zinapita ku "mbewu". Lero amasokera pakhonde la sitolo, pamakina a eni ake, kulipira tsiku ndi tsiku. Ndikayamba nkhaniyi amandiuza kuti ndilibe mzimu.

Kaya ndilibe, koma kuwerenga ndimatha. Melek ndi wolamulira, basi. Pa Yoswa 12 pali mafumu 31 amene Aisraeli anagonjetsa, ya ku Yeriko, ya ku Ai, ya ku Hebroni, iliyonse ndi mzinda wake. Mawu omwewo amagwiritsidwanso ntchito ponena za Farao ndi Nebukadinezara. Ifenso timatero: nyakwawa ndi mfumu, Gawa Undi ndi mfumu. Aluya amati malik, muzu wake ndi womwewo.

Nanga chumacho chili pati? Elimeleki, mwamuna wa Naomi, dzina lake limatanthauza "Mulungu wanga ndi mfumu", koma anathawa njala ku Betelehemu n'kukafera ku Mowabu. Abimeleki, "bambo wanga ndi mfumu", anapha abale ake pamwala umodzi kuti alamulire Sekemu. Amene ndimamukonda ine ndi Ebedi-meleki, "kapolo wa mfumu", Mkusi amene anatulutsa Yeremiya m'chitsime chamatope, atamutsitsira pazingwe sanza zoti aike m'khwapa kuti zingwe zisamucheke. Ameneyu sindinamvepo akumulalikira pamkumano wausiku.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri n'chakuti Baibulo lenilenilo mafumu limawakayikira. Pa 1 Samueli 8 anthu atapempha mfumu, Samueli anawachenjeza kuti idzatenga ana awo, minda yawo yabwino ndi chakhumi cha nkhosa zawo. Deuteronomo 17 imaletsa mfumu kuchulukitsa akavalo, akazi, siliva ndi golide. Solomoni, wa akazi 700 uja, anaphwanya zonsezi, ndipo atangomwalira ufumu unagawikana. Munthu akakuuzani kuti iye ndi melek kwinaku akuloza thumba lanu, ndiye mfumu imene Samueli ankanena ija.

Ndiye muchite chiyani?

Afunseni abusawo mwaulemu vesi imene yawauza zimenezo. Werengani 1 Samueli 8 yonse panokha. Ndipo chimene mumadyera musagulitse, mayi.