Babu likamawalabe mutazimitsa

Funso: Ndinagula babu la LED pamsika wa Kapata. Ndikazimitsa silithimiratu, limatsala lili psuu ngati khala mpaka kucha. Anzanga akuti likudya mayunitsi mobisa. Kolona ya agogo nayo imawala mumdima popanda waya. Kodi nzofanana? Wowerenga wa ku Chipata.

Yankho: Zikomo bambo, sizofanana. Za mayunitsi musade nkhawa, mphamvu yake siikwana ndi wati imodzi yomwe. Choopsa chili kwina.

Tiyambe ndi kolona. M'mikanda yake anasakanizamo ufa wa zinc sulphide kapena strontium aluminate. Ufawo umameza kuwala kwa dzuwa kapena kwa nyali n'kumakutulutsa pang'onopang'ono. Woyambawo umafooka msanga, wachiwiriwo umatha maola angapo. Itsekereni m'chitini masiku awiri, mudzaipeza ili bii.

Babu lakale lija linkawala chifukwa cha kutentha basi. Kawaya kake ka tungsten kamafika madigiri pafupifupi 2,500, ndipo mphamvu yoposa 90 pa 100 iliyonse imathera m'kutenthako. N'chifukwa chake LED ya mawati 9 imawala ngati babu lakale la mawati 60.

LED imagwira ntchito mwa njira ina. Mukavula kachipewa koyera ka babu lakufa mudzaona timadontho tachikasu. Pansi pa kadontho kalikonse pali kachipangizo kotulutsa kuwala kwa buluu, komwe kanapezetsa asayansi atatu, Akasaki, Amano ndi Nakamura, mphoto ya Nobel mu 2014. Chikasucho ndi ufa wa phosphor. Umameza gawo la buluu n'kubweza kuwala kwachikasu, ziwirizi zikasakanikirana diso limaona koyera. Koma ufa umenewu susunga kanthu ngati wa m'kolona, umabweza nthawi yomweyo. Babu likamazilala kwa masekondi ochepa mutazimitsa, ndi kapasita ya mkatimo, kachipangizo kosunga magetsi pang'ono, ikutaya mphamvu yotsala. Likawala usiku wonse, ndiye kuti magetsi akulowabe.

Yesani chonchi. Zimitsani pa meni switchi, osati pakhoma pokha. Likathimiratu, vuto lili m'mawaya. Kawirikawiri wolumikiza anaika switchi pa waya wa nyutralo, wabuluu kapena wakuda m'nyumba zakale, m'malo mwa waya wamoto, wabulauni kapena wofiira. Zikatero mavoti 230 amafikabe pa holda ngakhale mwazimitsa, ndipo timagetsi todontha timakwana kuyatsa LED. Babu lakale silinkaonetsa zimenezi chifukwa timagetsi totere sitingatenthetse kawaya kake. Ambiri amangoti mababu amakono ndi achabe, pamene babulo langoulula cholakwa chomwe chakhala padenga zaka zambiri. Munthu amakwera pampando kukasintha babu ali ndi mtima m'malo poti wazimitsa, chala chikakhudza chitsulo cha m'holda, shoko.

Nthawi zina chimachititsa ndi switchi yokhala ndi kanyali kake kofiira, kamene kamadutsitsa magetsi pang'ono. Mawaya aatali oyenda m'paipi imodzi amathanso kupatsirana timagetsi. Izi n'zochepa, kusintha switchi kapena kugula babu labwinopo kumathetsa. Koma musaganizire nokha kuti ndi chiti. Itanani wamagetsi wodziwa ntchito apime holda ndi tesita switchi ili yozimitsa, ndipo tesita ikayaka asamutsire switchiyo pa waya wamoto. Kufikira tsikulo, babu limenelo muzisintha meni switchi ili pansi.