Tifunseni: Maphunziro olipiridwa a aphunzitsi ku America

Akonzi, ndimaphunzitsa Mbiri pa sekondale ina ya boma ku Dedza. Pa gulu lathu la WhatsApp pakuzungulira uthenga woti ku America kuli maphunziro a patchuthi a NEH, ndipo mphunzitsi akapitako amapatsidwa ndalama. Nzoona zimenezi? Nafenso tingalembetse?

Nzoona ndithu aphunzitsi, koma musafulumire kukajambulitsa chithunzi cha pasipoti. NEH ndi chidule cha National Endowment for the Humanities, bungwe la boma la America lomwe linakhazikitsidwa mu 1965. Limapereka ndalama kwa mayunivesite, malaibulale ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale kuti akonzere aphunzitsi maphunziro a mbiri, zolembalemba, zipembedzo ndi chikhalidwe. Maphunzirowa amachitika pakati pa Juni ndi Ogasiti, sukulu za kumeneko zitatsekera, pomwe ife kuno tikuwotha moto.

Alipo a sabata imodzi, otchedwa Landmarks of American History and Culture, omwe amachitikira pamalo penipeni pomwe nkhani ya m'mbiriyo inachitikira. Ena, otchedwa Institutes, amatenga sabata imodzi mpaka zinayi. M'zaka zapitazi mphunzitsi ankalandira madola 1,300 pa sabata imodzi, 2,200 pa ziwiri, 2,850 pa zitatu ndi 3,450 pa zinayi. Mukaisintha m'makwacha ikuoneka yonona, koma m'menemo ndi momwe mumachokera tikiti, pogona, chakudya ndi mabuku, ndipo imadulidwanso msonkho. Si alawansi yobwera nayo kunyumba n'kugulira malata.

Tsono povuta ndi apa. Ololedwa ndi nzika za America, komanso obwera omwe akhala m'dzikomo zaka zitatu zotsatizana lisanafike tsiku lotsekera kulembetsa. Mmalawi wophunzitsa ku Dedza sakuyenera, ngakhale atakhoza bwanji. Mbale wanu amene akuphunzitsa ku Indiana kapena ku Texas ndipo wakwanitsa zaka zitatuzo angathe. Mumuuze kuti fomu sapereka ku likulu la NEH ku Washington, koma kwa mkulu wa maphunziro amene wasankhawo, ndipo tsiku lotsekera limagwa kumayambiriro kwa Malichi. Amaloledwa kufunsira malo awiri koma kupita kumodzi. Ayambenso watsimikiza kuti maphunzirowo alipodi, chifukwa mu Epulo 2025 boma la America linaimitsa thandizo lambiri la NEH ndipo ena omwe anali atalengezedwa kale anaphwasuka.

Ngati kumeneko kwatsekeka, ife ophunzitsa kuno khomo lathu ndi liti? (Mayi wophunzitsa Chingerezi, Chipata)

Makomo awiri odziwika, mayi, ndipo onse amadzera ku ofesi ya kazembe wa America, kwa inu ku Lusaka, kwa anzathu a ku Malawi ku Lilongwe.

Loyandikana kwambiri ndi za NEH ndi Study of the U.S. Institutes, mwachidule SUSI, gawo la aphunzitsi a sekondale. Limatenga sabata zisanu mu Juni ndi Julayi: pafupifupi zinayi pa yunivesite, yotsalayo paulendo woona malo. Nkhani yake ndi mbiri, ndale ndi chikhalidwe cha America, choncho limakomera ophunzitsa Mbiri, Chingerezi, Jogalafe ndi Soshoo. Ofesi ya kazembe ndiyo imasankha mayina n'kutumiza ku Washington, ndipo kawirikawiri kulembetsa kumalengezedwa chakumapeto kwa chaka.

Lachiwiri ndi Fulbright Teaching Excellence and Achievement, loyendetsedwa ndi bungwe la IREX. Ili ndi la sabata zisanu ndi imodzi, silichitika patchuthi chawo chifukwa mumakaphunzitsako m'kalasi pa sukulu ya kumeneko. Pamafunika digiri, zaka zingapo muli pantchito yophunzitsa tsiku lonse, ndi mayeso a Chingerezi monga TOEFL. Mwa ziwirizi tikiti, pogona ndi chakudya zimalipiridwa. Mndandanda wa mayiko ndi malamulo a viza zimasintha, ndiye muzidalira chilengezo cha chaka chimenecho, osati chakale chomwe wina wangotumizanso pa foni.

Mnzanga wayesa kawiri osatengedwa, chonsecho ndi katswiri m'kalasi. Chimalakwika n'chiyani? (Mphunzitsi, Mzimba)

Nthawi zambiri ndi chimangirizo chomwe mumalemba polembetsa. Ambiri amalemba zoti amakonda ana, akufuna kuona dziko lina ndi kukulitsa luso. Osankha awerenga mawu amenewo kambirimbiri. Chomwe akufuna n'chakuti muwaonetse kalasi yanu: fomu yanji, ana angati, mutu uti ukuvuta, ndipo mukabwerera mudzachita chiyani. Wolemba kuti ana ake a fomu 3 amaloweza za malonda a akapolo a ku Nkhotakota osamvetsa, ndipo akufuna kuphunzira kugwiritsa ntchito makalata ndi zithunzi zakale kuti anawo azifunsa okha mafunso, wapambana kale anzake khumi. Onjezani dongosolo laling'ono lotheka: maphunziro angati, teremu iti, ndi aphunzitsi angati a m'kilasita yanu omwe mudzawagawireko. Musalonjeze kusintha silabasi ya dziko lonse. Aliyense amadziwa kuti imeneyo ndi ntchito ya a Malawi Institute of Education ku Domasi.

Kalata ya umboni nayonso imagwetsa anthu. Ahedi akapemphedwa kwatsala masiku awiri amangolemba mizere itatu yoti ndinu wolimbikira. Apatseni sabata zitatu, pamodzi ndi chimangirizo chanucho, kuti atchule zomwe anakuonani mukuchita.

Kenaka pali kalendala. Juni ndi Julayi kuno ndi teremu yachitatu, nthawi ya mayeso a MANEB. Wophunzitsa fomu 4 akasankhidwa asanakambirane ndi ahedi ndi a ku divishoni za yemwe adzagwirizire kalasi, chilolezo chimachedwa, malo n'kupita kwa wina. Pasipoti ionedwenso msanga ngati siikutha m'miyezi ya ulendoyo, ndipo dzina likhale lofanana pa pasipoti, pa digiri ndi pa fomu.

Wina akakuuzani kuti mutumize ndalama pa foni kuti akuikireni dzina pamwamba, ameneyo ndi wakuba. Kulembetsa kwa SUSI ndi Fulbright n'kwaulere.