Alimi ovina a Dürer ndi Beham: ankajambulira ndani?

Mayi wina wanditumizira imelo: "Ndaona zithunzi zakale za ku Germany, za m'ma 1500. Alimi ake amangovina, kuledzera, ena mpaka kusanza. Kodi moyo wakumudzi unalidi wotero?"

Mayi, choyamba funsani kuti ogula anali ndani. Albrecht Dürer anali mwana wa mmisiri wosula golide mumzinda wa Nuremberg. Ankagoba chithunzi pambale ya mkuwa ndi kachitsulo kosongoka, n'kupaka inki m'mizeremo, kenako n'kudinda papepala. Mbale imodzi inkatulutsa mapepala mazanamazana, ndipo ambiri ankagulidwa ndi amalonda ndi anthu ophunzira a m'tauni. Ndiye mukamaona chithunzi chake cha 1514 cha banja la alimi likuvina, mayi wojintcha atagwirana dzanja ndi mwamuna wake, dziwani kuti mwabwereka maso a munthu wa m'tauni, woseka wakumudzi pomwe chakudya chake chikuchokera komweko.

Alimi enieniwo anali ndi zawo kukhosi. Mu 1524 anaukira eni minda, ndipo mu March 1525 ku Memmingen analemba madandaulo 12: azisankha okha m'busa wawo, ukapolo wa m'minda uthe, aziloledwa kusaka, kuwedza ndi kutola nkhuni. Asilikali a mafumu anawaphwanya, anthu pafupifupi 100,000 n'kufa. Chaka chomwecho Dürer anajambula chipilala chosanja mtsuko wa mkaka, mtolo wa tirigu, makasu ndi dengu la nkhuku, pamwamba pake mlimi atakhala mwandwii, lupanga lili kumsana. Akatswiri amatsutsana ngati kunali kunyoza kapena chisoni. Ine ndimaonapo chisoni.

Osanza mwawaonawo, mwina ndi a Sebald Beham, wojambula wina wa ku Nuremberg. Iyeyu (zodabwitsatu!) anathamangitsidwa ku Nuremberg mu January 1525 pomuganizira kuti sakhulupirira zachipembedzo ndipo salemekeza akuluakulu a mzinda. Koma pofika 1546 ndi 1547 ankagoba tizithunzi ta alimi pachikondwerero, tating'ono ngati bokosi la machesi. Mlimi wa madandaulo uja anali atasanduka chidakwa choseketsa.

Ngati mukufuna thukuta, fufuzani chithunzi cha nyengo yokolola cha Pieter Bruegel, chimene Pieter van der Heyden anagoba ndipo Hieronymus Cock anasindikiza ku Antwerp (ku Belgium masiku ano) mu 1570. Anthu ali kalikiliki kumweta. Komabe amene ali kutsogolo kwenikweni wakhala pansi, wapendeketsa chimtsuko, akupapira.